Shuga Amene Ndinakana Dzuwa Lisanalowe

Choyamba chinali ludzu. Unali mwezi wa Juni, ndipo amene anakhalako ku Mzuzu akudziwa kuti m'Juni wa kuno munthu safunafuna madzi akumwa, amafuna tiyi ndi juzi. Koma ine ndinkamwa madzi ngati ndachokera kolima. Ndikamwa kapu imodzi, kukhosi kunkauma kapuyo ndisanaiike pansi. Kukodzanso kunali kosalekeza. Ndili ndi kagolosale ku Luwinga, pafupi ndi nyumba zimene ana a ku yunivesite amachita lendi, ndipo kangapo patsiku ndinkasiya makasitomala ali chiimire pawindo, ine ndathamangira kuseri.

Ndine mayi wa zaka zopitirira makumi anayi. Kwathu ndi ku Mangochi, ndipo ndife Asilamu. Tinabwera kuno ndi amuna anga mwana wathu Shakira ali kumbuyo, pano anakwatiwa kale. Bambo a Shakira amagulitsa nsapato mumsika wa m'tauni, ndipo timakhala ku Salisbury Lines. Ndatchula za chipembedzo chathu chifukwa popanda zimenezo nkhani yangayi siingamveke.

Pofika Ogasiti chitenje chinayamba kutsala ndikamanga. Ndinkadya monga mwa masiku onse, mwinanso kuposa, koma thupi linkangopita. Manambala a pafoni ankaoneka ngati ndikuwaonera m'madzi. Tsiku lina ndinapunthwa pa bokosi la mabotolo n'kuchekeka chala cha kuphazi. Kanali kachilonda kakang'ono, kosayenera n'kuuza munthu, koma kanakana kupola.

Amene anayamba kundinena anali NyaChirwa, mayi wa ku Nkhata Bay amene amasoka zovala pakhonde loyandikana ndi golosale yanga. Ndi Mkhristu, ndi wamasiye, ndipo pakamwa pake sipachedwa.

"Anyina Shakira, madzi mukumwawa achuluka chomene," anatero. "Malemu amuna anga anayamba chonchi. Pitani kuchipatala akakubayeni chala."

Sindinapite msanga. Kunena zoona, ndinkaopa. Munthu ukayamba kuwonda m'tauni muno anthu amakhala atakupima kale ndi maso, ndipo ndinkaopa kuti mwina zimene akuganizazo ndi zoona. Ndinapita mu Seputembala, chala chitatupa moti nsapato sinkalowanso.

Anandiuza kuti ndibwerenso m'mawa mwake ndisanadye kanthu. Ndinafika kukuzizira, ndinapereka buku langa la kuchipatala, n'kukhala pabenchi kudikira dzina. Anandikweza pa sikelo, anandimanga chopimira magazi pamkono, kenako anandibaya chala n'kudontheza magazi pa kamakina kakang'ono. Namwino anayang'ana kamakinako, anandiyang'ana ine, ndipo anandibayanso chala china. Pamenepo ndinadziwa kuti zinthu sizili bwino. Dokotala sanazungulire.

"Mama, muli ndi matenda a shuga. Sachizika, koma anthu amakhala nawo mpaka kukalamba ngati akudzisamala."

Anatsuka chilonda chija, anandipatsa mapiritsi, ndipo ananditumiza kwa namwino wina amene amaphunzitsa za kadyedwe. Mayiyo anafotokoza zambiri ndithu. Anati pali zakudya zoti ndizisala, pali zoti ndichepetse, pali zoti ndizidya kwambiri, ndipo anabwereza kuti munthu womwa mankhwala a shuga asamadumphe chakudya. Ndikudziwa kuti ananena zonsezi chifukwa ndazimvanso kambirimbiri pambuyo pake. Koma tsiku limenelo mutu unali utadzaza, ndipo mawu amene ndinatuluka nawo anali amodzi okha, akuti kusala. Kwa ine Msilamu, kusala ndi kusadya, ndipo kusadya ndi chinthu chabwino pamaso pa Mulungu.

Madzulo ndinawauza bambo a Shakira. Anaseka kuti andilimbitse mtima.

"Ndiye ndi mandasi aja amenewa," anatero. "Matenda odzigulira ndi pakamwa."

Sanali kunyoza ayi. Ndi munthu wa nthabwala, ndipo inenso ndinaseka nawo. Koma mawuwo analowa n'kukhala. Ndipo sanali bodza lokhalokha. Mugolosale munthu umakhala tsiku lonse pakati pa zakudya. Kukazizira ndinkamwa tiyi wa shuga wosawerenga masupuni, ndi mandasi, ndi masikono. Kukatentha ndinkatsegula botolo la chakumwa. Zaka zonsezi palibe amene anandiuza kuti n'kulakwa, ndipo anthu ankati ndikusungidwa bwino. Tsopano chilichonse chimene ndinadyapo chinabwerera kudzandiimba mlandu.

Kunyumba zinthu zinasintha. Bambo a Shakira anachotsa chitini cha shuga patebulo n'kukachitsekera mukabati, iwonso n'kuyamba kumwa tiyi wopanda shuga kuti ndisasirire. Chinali chikondi, ndikuvomera. Koma tikakhala pa chakudya maso awo ankatsatira dzanja langa kuchoka m'mbale mpaka pakamwa. Nkhani itamveka, aliyense anasanduka dokotala. Wina akuti ndisadye mpunga, wina akuti nthochi ndi poizoni, wina akubwera ndi masamba owawa oti ndiziwiritsa. Pa ukwati wina ku Katoto ndinangoti ndigawe mpunga pang'ono, mayi wina amene sindimudziwa n'komwe dzina anafuula kuti, "Aaa, inu a shuga mukudyanso zimenezi?" Ndinabweza supuni. Ndinakhala mpaka ukwati kutha ndi mbale yopanda kanthu pamwendo, ndikuseka ndi anthu.

Kuchokera pamenepo ndinayamba kuchita manyazi kutafuna pamaso pa anthu. M'mawa ndinkati ndikadya kugolosale. Masana NyaChirwa akandiitanira chakudya ndinkati ndadya kale. Dzuwa likapendeka njala inkandigwira yoti miyendo kunjenjemera, ndipo ndinkagwada kuseri kwa kauntala, pakati pa makatoni a sopo, n'kumeza mandasi mothamanga ngati wakuba, mugolosale yangayanga. Ndikatero mtima unkandipweteka koopsa. Ndinkadzitukwana kuti ndine wosusuka, munthu wosamva, ndipo podzilanga ndinkakana chakudya chamadzulo. Mawa lake zomwezo.

Mwezi ndi mwezi ndinkapita ku sikelo ya anthu a shuga. Timakhala pamabenchi ndi mabuku athu m'manja, amatipima, amatibaya chala, kenako timaonana ndi dokotala mmodzimmodzi. Akandifunsa mmene ndikudyera ndinkayankha kuti, "Ndikusala ndithu." Za mandasi a kuseri kwa kauntala sindinanene, za kugona ndi njala sindinanenenso. Shuga wanga ankapezeka wokwera, ndipo chakumayambiriro kwa chaka dokotala anandiwonjezera mtundu wachiwiri wa mapiritsi, amphamvu potsitsa shuga. Anandichenjeza kuti amenewa ndisamamwe popanda kudya. Ndinagwedeza mutu. Iye anachita zoyenera malinga ndi zimene ndinamuuza, vuto linali loti ndinamuuza bodza.

Ramadhani inafika mu Malichi, mvula ili mkati. Kwa amene sadziwa, umenewu ndi mwezi umene ife timafunga, kutanthauza kuti sitidya kapena kumwa kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa. Timadya daku kusanache, ndipo dzuwa likalowa timamasula ndi futali. Ndinaulandira mweziwo ndi manja awiri. Ndinati tsopano ndapeza popumira, mwezi wathunthu woti kusadya si chinthu chobisa, palibe wondiyang'ana m'mbale chifukwa mbale palibe.

Ndisaname kuti sindinkadziwa. Mwana aliyense wa Chisilamu amadziwa kuti wodwala saumirizidwa kufunga. Ku sikelo nakonso anali atalengeza kuti aliyense wofuna kusala kudya, kaya ndi wa kumzikiti kaya ndi wa kutchalitchi, ayambe waonana ndi dokotala. Ndinamva, koma sindinadziwerengere m'gulu la odwala. Mumtima mwanga wodwala anali wa malungo, wa chifuwa chachikulu, munthu amene matenda amugwera. Anga anali odzigulira ndi pakamwa. Ndikanaima bwanji pamaso pa Mulungu n'kupempha kuti andilole kudya, pamene kudyako ndi kumene kunandifikitsa apa? Bambo a Shakira anandifunsa kamodzi ngati ndifunga, ndinati ndifunga, ndipo anasangalala. Iwo ankaganiza kuti munthu wa shuga akasiya kudya ndiye kuti shugayo atsika, achira. Pa daku ndinkangolawa pang'ono, n'kumwa mapiritsi onse awiri.

Masiku oyamba ndinkamva kunjenjemera chakumasana, mtima kugunda, ndi thukuta ngakhale kunja kukuwaza mvula. Ndinkakhala pansi, zinkadutsa, ndipo ndinkati ndi mayesero a kufunga. Linali Lachisanu la sabata yachiwiri pamene sizinadutse. Bambo a Shakira anali atachokera kumzikiti n'kudzera kugolosale, anakhala pabenchi panja. Ine ndinali mkati, ndikupima shuga m'timapepala ting'onoting'ono timene ana a sukulu amakonda kugula. Manja anayamba kunjenjemera moti shuga ankatayikira pansi. Thukuta linanyowetsa mpango wa kumutu. Munthu wina anapempha sopo, ndinamupatsa machesi. Ndinafuna kupepesa koma lilime linalemera, kenako ndinapezeka ndakhala pansi nditatsamira thumba la shuga lomwelo.

Zotsatira ndinkazimva ngati zikuchitikira kutali. NyaChirwa analowa akuthamanga, anandigwira pamphumi, anatapa shuga m'thumba muja n'kuvundulira m'kapu ya madzi. Bambo a Shakira anamugwira dzanja.

"Mayi, mukufuna kundiphera mkazi? Ameneyu ali ndi shuga!"

"Yayi, dada, shuga watsika uyu! Onani thukutali. Lekani amwe!"

"Wa shuga mungamupatse shuga?"

"Chiuta wane! Ndasunga wodwala shuga ine mpaka kumuika m'manda. Chokani apa!"

Anamusiya. NyaChirwa anandidzutsa mutu n'kuika kapu pamilomo panga. Nthawi imeneyo ndinali ndikadatha kumeza, ndipo ndikanamwa, mwina nkhani ikanathera pomwepo. Koma kudzera pawindo ndinaona dzuwa lili pamwamba pa malata a nyumba ya kutsidya kwa msewu, lisanayandikire n'komwe kulowa. Ndinafuna kunena kuti ndafunga. Lilime linakana, koma mano anandimvera, ndinawaluma gwa. Ndikukumbuka madzi a shuga akutsikira m'khosi kunja, ndi NyaChirwa akulira kuti, "Anyina Shakira, yasamulani, chonde yasamulani!" Za pambuyo pake sindikudziwa.

Ndinatsitsimuka ndili pabedi kuchipatala, diripi ili pamkono, nditafunda chitenje cha NyaChirwa. Anandiuza kuti ananditengera pa takisi ndili chikomokere, ndipo atafika anandibaya chala n'kundipatsa shuga kudzera mumtsempha. Dokotala atabwera anati shuga wanga anatsika kwambiri, ndipo akanachedwa nane bwenzi tikunena zina. Anawafotokozera bambo a Shakira kuti munthu wa matendawa shuga wake amatha kukwera, amathanso kutsika, ndipo kutsikako kumapha msanga kuposa kukwera. Anati mayi uja anachita bwino kuthamangira shuga pamene ndinali ndikadali maso, koma munthu akakomoka samumwetsanso kanthu, amangothamanga naye. Bambo a Shakira anamvetsera atagwira chipewa chawo m'manja.

Anandigoneka. M'mawa mwake, kutacha ndithu, kunabwera phala la odwala. Ndinatembenukira kukhoma. Koma abale, munthu ndi wovuta. Dzulo lake ndinali nditatsala pang'ono kufa, komabe ndinkawerengera kuti ndikapirira mpaka madzulo ndiye kuti tsiku limenelo ndafunga. Namwino amene anali pantchito anali mayi wachikulire, wolankhula Chichewa chokokera ku Chitumbuka. Anamaliza kugawa mankhwala kwa ena onse, kenako anabwera kudzakhala m'mphepete mwa bedi langa.

"Mwawuka uli, mama? Phala likuzizira."

Ndinati ndafunga.

"Ine si wa kumzikiti, koma Asilamu ndagoneka ambiri muwodi muno, ndipo amadya. Ndiye ndifunse. Phalali mukulikana chifukwa cha Mulungu, kapena chifukwa cha manyazi?"

Palibe anali atandifunsapo choncho. Ndinalira, kulira kwenikweni kokhala ndi mamina, pamaso pa odwala anzanga ndi owadikirira. Ndinamuuza zonse, za mandasi a kuseri kwa kauntala, za kugona ndi njala, za bodza la ku sikelo, ndi zoti matendawa ndinadzigulira ndekha. Sanandikalipire, sanandinyengererenso. Anati zimene ndinadya kale palibe angazisanze, ndipo njala si mankhwala a shuga. Anati chimene ndingathe kulamulira ndi mbale imene ili patsogolo panga, ndipo pakali pano mbaleyo ndi phala. Ananyamuka n'kupita kwa wodwala wina. Ndinaliyang'ana phalalo nthawi yaitali. Kenako ndinatchula dzina la Mulungu monga timachitira tisanadye, ndipo ndinadya, dzuwa likuwala pawindo, m'mwezi wa Ramadhani. Linali lozizira ndipo linalibe mchere wokwanira, koma ndinamaliza.

Tsiku limenelo ndinamuuzanso dokotala zoona. Anasintha mankhwala, ndipo anandifunsa ngati kwathu kunali wina wa matendawa. Ndinati ayi. Anafunsa ngati kunali wina amene ankamwa madzi kwambiri, kapena amene anali ndi chilonda chosapola. Apo ndinakumbukira. Bambo anga ondibereka anali mlimi, munthu wowonda ngati bango, amene tiyi wa shuga ankamuona pa Idi pokha. Zaka zawo zomaliza sankasiyana ndi chikho cha madzi, ndipo anamwalira ndi chilonda cha pamwendo chimene tonse tinkati anaponda mankhwala. Dokotala anati sangatsimikize za munthu amene sanamupime, koma matendawa amayenda m'magazi a pabanja, ndipo msinkhu, kunenepa ndi kadyedwe zimangowonjezera. Sananene kuti mandasi alibe mlandu. Anati ali ndi gawo lake, koma si nkhani yonse. Ndinawaganizira kwambiri bambo anga tsiku limenelo, ndipo ndinawamvera chisoni kuti anapita osadziwa chimene chinawadya.

Bambo a Shakira anabwera masana ndi chakudya m'kontena, iwo ali chifungire. Anali atadzera kwa shehe wa kumzikiti kwathu, ndipo yankho linali lomwe tonse tinkalidziwa kale, loti wodwala adye, ndipo ngati matenda ake ndi osatha azidyetsa osowa m'malo mwa masiku amene sanafunge. Anaika kontenayo pakabati n'kunena motsitsa mawu kuti, "Amayi a Shakira, kapu ija ndinaitsekereza ndine."

Ndinati, "Kapu ija ndinaikana ndekha. Chimene munachita inu ndi mawu aja."

"Mawu ati?"

Ha! Sanawakumbukire n'komwe. Mawu amene ine ndinayenda nawo miyezi yonseyi, mwini wake anawaiwala tsiku lomwelo. Nditawakumbutsa anagwira pakamwa. Ndinakwiya, kenako ndinaseka, chifukwa ndikanatani? Koma ndinawauza chinthu chimodzi, ndipo ndinachinena mosaseka. Ndinati kuyambira lero mbale yanga ndizigawa ndekha, ndipo maso awo azikhala m'mbale mwawo. Ndikalakwitsa ndikanena ndekha kwa dokotala. Chitini cha shuga chibwerere patebulo, chifukwa ine si mwana woti azindibisira zinthu, komanso tsiku lina shuga yemweyo adzafunika mothamanga. Anavomera. Kuzolowera kunawatengera nthawi, ndipo mpaka lero nthawi zina ndimawagwira akuba ndi diso, ndikangokhosomola amabweza.

Nditatuluka m'chipatala sindinafungenso masiku otsalawo. Ndinayamba kuphunzira kudya ngati mwana. Ndimadya katatu patsiku, pa nthawi yake, kaya kuli makasitomala kaya kulibe. M'mawa phala la mgaiwa lothira nsinjiro, kapena mbatata yophika pang'ono ndi tiyi wopanda shuga. Masana ndi madzulo ndiwo zamasamba zimachuluka kuposa china chilichonse m'mbale, mpiru, nkhwani, bonongwe, ndi nyemba kapena usipa, nsima ya mgaiwa kachigawo kochepa. Mpunga ndimadya, wochepa. NyaChirwa akaphika kondowole wa kwawo ndimatema pang'ono kuti asadandaule, ndipo amadziwa kuti sindiwonjezera. Zakumwa za m'mabotolo ndimagulitsa koma sindimwa. Masiku amene kulibe mvula ndimatsika minibasi patali n'kumalizitsa wapansi. Pamfundo ya chitenje changa pamakhala masiwiti nthawi zonse, ndipo onse ondizungulira akudziwa ntchito yake.

Sikuti ndinasanduka mngelo. Pa Idi ndinadya zonona mopitirira, ndipo pa chinkhoswe cha mwana wa mnzanga ndinadya keke, chidutswa chachikulu ndithu. Kusiyana kwake n'kwakuti ndinadya nditakhala pampando, anthu akuona, ndipo madzulo ake sindinadzilange ndi njala. Ku sikelo ndinanena ndekha asanandifunse. Namwino anati, "Yewo ponena zoona, mama, tiyeni tione mmene tingakonzere." Zinathera pomwepo. Mandasi ndimadyabe mwa apo ndi apo, limodzi, ndikasankha ndekha kuti lero ndidya.

Ramadhani yotsatira isanafike ndinapita kwa dokotala kukafunsa. Anati alipo a shuga ena amene amatha kufunga mankhwala awo akasinthidwa, koma kwa ine, ndi mmene zinachitikira, sakundilangiza. Zinandiwawa, ndisabise. Ndafunga kuyambira ndili mtsikana, ndipo mwezi umenewu ndimaukonda. Koma ndinamvera. Ndimadzuka nawo bambo a Shakira pa daku, ndimawaphikira futali, ndimaswali, ndipo ndimapereka chakudya kwa osowa monga chipembedzo chimanenera.

Tsiku loyamba la mwezi umenewo, nthawi ya chakudya chamasana itakwana, ndinatenga kontena yanga mugolosale, ndipo ndisanaganize n'komwe ndinapezeka ndagwada kuseri kwa kauntala, pakati pa makatoni a sopo aja. Miyendo inapita yokha. Ndinadzifunsa kuti kodi ndaba chiyani. Ndinadzuka, ndinakhala pampando wanga, n'kutsegula kontenayo. Sindidyera pamsewu kapena kutafunira m'maso anthu ofunga, ulemu umenewo ndimausunga. Koma mugolosale mwanga ndimadya nditakhala ngati munthu.

Ndili mkati modya panafika Abiti Mussa, mayi amene timaswali limodzi, kudzagula mafuta ophikira. Anaona kontena, anaona pakamwa panga, ndipo anayang'ana kumbali. Kenako, pofuna kundithandiza, anandipatsa pothawira. Ife amayi tili ndi masiku athu pamwezi amene sitifunga, ndipo palibe amafunsa zambiri.

"Ndi masiku aja a ife amayi eti?" anatero monong'ona.

Kukanakhala kosavuta kungogwedeza mutu. Ndinameza, n'kunena kuti, "Ayi. Ndili ndi matenda a shuga, ndamwa mankhwala, ndiye ndikuyenera kudya. Chaka chatha ndinafunga, ndinatsala pang'ono kufa."

Anati, "Pepani, sindinadziwe. Mulungu akupatseni mphamvu." Analipira mafuta ake n'kumapita. Denga silinagwe. NyaChirwa, amene anamva zonse ali pamakina ake, anangoti, "Nadi, n'zoona," osadzutsa mutu, makina n'kupitiriza kulira.

Pano ndili bwino. Chilonda cha pachala chinapola, chinangosiya chipsera. Maso anayera, ngakhale powerenga ndimavala magalasi. Thupi linabwerera pang'ono, ludzu lija linatha, ndipo ku sikelo shuga wanga amapezeka pabwino miyezi yambiri, ina amakwerako. Mankhwala ndimamwa tsiku lililonse ndipo ndidzamwa moyo wanga wonse. Kukomoka sikunachitikenso. Kawiri konse ndamva kunjenjemera kuja kukuyamba, ndinamasula mfundo ya chitenje n'kudya siwiti pomwepo, osayang'ana kuti dzuwa lili pati kapena ndani akuona.

Kwa inu amene mukumva ludzu losatha, mukukodza pafupipafupi, mukuwonda mukudya, kapena muli ndi kachilonda kokana kupola, pitani kuchipatala msanga. Kubaya chala sikutenga nthawi, ndipo ine miyezi imene ndinakhala ndikuopa sinandipindulire kanthu. Mukapezeka nawo matendawa, muuzeni dokotala zimene mukudyadi, osati zimene mukuganiza kuti akufuna kumva. Ngati mukufuna kusala kudya chifukwa cha chipembedzo, kaya ndinu a kumzikiti kaya a kutchalitchi, yambani mwafunsa. Ndipo inu a pabanja, phunzirani kuti shuga amatsikanso, ndipo samalani nthabwala zanu, chifukwa wodwala amasunga zimene inu mwaiwala.

Mukadzadutsa ku Luwinga m'mwezi wa Ramadhani n'kupeza mayi wovala mpango akudya masana mugolosale mwake, musayang'ane kumbali, musandipezerenso chifukwa china. Ndine ndemwe, ndipo ndikudya kuti chaka chamawa mudzandipezenso. Ndipatseni moni, ndikuyankhani ndikameza.